Phiri Litatsika pa Khoma la Tchalitchi

Ine ndine munthu woimba. Ndikamapalira ndimaimba, ndikamasenda mtedza ndimaimba, ngakhale pokalipira mbuzi mawu amatuluka atavala kale nyimbo. Kutchalitchi amayi anzanga akafuna nyimbo amangondiyang'ana, ine n'kuidzutsa, iwo n'kuilandira. Ndiye tsiku limene ndinaliza nthungululu pamalo osayenera palibe amene anadabwa. Anangoti, ndi agogo aja.

Mudzi wathu uli m'mapiri, kumene Dowa amathera Ntchisi n'kuyamba. Nyumba yanga ili pamwamba, pa kachitunda ka mwala kopapatiza ngati msana wa ng'ombe yowonda. Kanyumba, nkhokwe, khola la nkhuku, basi malo atha. Kumunsi, pamene khwawa lochokera m'phiri limayasamula kukamwa, ndi pamene pali nthaka yathu yeniyeni, yakuda bii, yofewa, yoti ukaponya phesi la nzimbe umadzapeza lagwira lokha. Anandisiyira amayi anga, iwonso anawasiyira amayi awo. Ana anga anabalalika, wina kutauni, wina kumanda. Amene anatsala pafupi ndi wamkazi, chitsiriza wanga, ndipo atakwatiwa ndinamulozera pakamwa pa khwawa pomwepo. Ndinati khalani apa, madzi apa, nthochi apa, ine ndizikuonani ndili pakhonde.

Mwamuna wake ndi wa kuchidikha, kufupi ndi Mtengowanthenga, kumene dziko linagona chagada ndipo mlendo umamuona akadali kadontho. Anabwera kudzakhala chikamwini kwathu monga timachitira. Ine ndi akamwini anga sitiyang'anana maso, ndi mmene tinakulira. Tikakumana panjira mmodzi amapatukira m'udzu, moni n'kumaperekana chozungulira, aliyense akulankhula ndi mtengo wake. Achinyamata amaseka zimenezi, koma akamwini anazisunga, ndipo ine ndinkawakonda chifukwa cha ulemu umenewo. Mawu anga opita kwa iwo ankadzera mwa mwana wanga, ndipo akakhala olemera ankadzera mwa mlongo wanga, amene ndi nkhoswe ya ukwatiwo komanso mwini mbumba yathu.

Mwana wawo woyamba atayamba kuyenda, akamwini anatumiza nkhoswe yawo itanyamula tambala kudzapempha chitengwa, kuti atenge mkazi ndi mwana akakhale nawo kwawo. Mlongo wanga anakwera kudzandifunsa. Ndinamuyankha choimba, ndikupeta chimanga: tambala abwerere, tambala abwerere, madzi adzanditungira ndani? Tambala anabwerera. Akamwini sanadandaule. Chaka chomwecho anayamba kuumba njerwa, anaziotcha, analima fodya, anakhoma malata. Nyumba inaima pakamwa pa khwawa, yowala ngati mphika wotsuka ndi mchenga, ndipo tsiku lolowamo ndinavina mpaka chitenje chinamasuka. Ana anabadwiramo ena. M'mawa uliwonse ndinkawaona akukwera kachitunda ngati tinkhanga, kudzapempha zotsala.

Kenako kunabwera chaka chija wailesi inkalira za kumwera, kuti mapiri atsika ndi kukwirira midzi. Tinapemphera, tinasonkha zovala, tinati ndi zakutali. Patapita nthawi kunafika galimoto ndi anthu oyeza mapiri. Wowatsogolera anali mayi wachitsikana wovala jombo, wolankhula mofatsa ngati wopereka mankhwala. Anaulutsa kandege kopanda munthu, kolira ngati njuchi zosamuka, kakuyendayenda pamwamba pa minda. Anakumba dothi n'kuliika m'timatumba. Anakwera mpaka pamwamba pa minda yomaliza, pamene mitengo ya masuku inathera ku makala, n'kupeza mng'alu wautali umene abusa a mbuzi ankaudumpha posewera. Anakhoma zikhomo uku ndi uku kwa mng'aluwo, n'kumanga chingwe pakati. Anapita. Tinawaiwala.

Anabwerera m'chilimwe, mvula ili pafupi. Mapemphero atatha anatipempha kuti tisatuluke. Tinatchinga mawindo ndi zitenje kuti mukhale mdima, iye n'kulumikiza kompyuta yake ku kabokosi kowala. Pakhoma, pamwamba pa tebulo la abusa, panatuluka phiri lathu. Phiri lenilenilo, ndi khwawa lake, ndi njira ya kuchigayo, monga limaonekera kwa khwangwala. Ndinaona mwala wanga. Ndinaona nthochi zathu. Ndinaona malata a mwana wanga akunyezimira pakhoma la Mulungu, ndipo pakhosi panga panatseguka pokha. Nthungululu inatuluka, yaitali, yokoma, amayi ena n'kuilandira.

Mayi wa jombo anadikira kuti tithe.

"Izi muonezi sizinachitike," anatero. "Kompyutayi taiuza mmene phiri lanu latsetserekera, kuya kwa dothi, ndi mmene dothilo limamwera madzi. Tsopano tiigwetsera mvula yongoyerekeza, mvumbi wautali, kuti tione kumene dothi lingalowere likakhuta."

Anadina. Pa mng'alu paja panadambuka chigamba. Chinatsetsereka, chinalowa m'khwawa, chinanenepa, chinafiira. Chinkatsika mwakachetechete, popanda bingu, popanda mfuu. Chitafika pakamwa pa khwawa chinatambasuka ngati phala lotayika pamphasa. Chinadya dimba, chinadya nthochi, chinadya malata aja. Mchira wa nthungululu unali ukadali m'kamwa mwanga.

Anthu anayamba kudzipulumutsa ndi nthabwala.

"Napolo kwawo ndi kumwera uko," anatero bambo wina kumbuyo. "Kuno alibe wachibale woti n'kufikira."

Anthu anaseka. Mlongo wanga anaimirira, chipewa m'manja.

"Mwana wanga, ngati ndiwe mlosi tiuze tsiku, tidzasamuke dzulo lake."

"Tsiku sindilidziwa, bambo, kompyutanso siilidziwa," anayankha mayi uja. "Mwina chaka chino, mwina ana awa atamera imvi, mwina osachitika n'komwe. Chimene ikutha kutiuza ndi njira imene matope angadzere."

Ine sindinaimirire. Ndinalankhula ndili pansi.

"Bwezaninso, mayi, koma mvulayo muichepetse."

Anabweza. Matope anatsika ochepa, n'kuima pa nthochi. Mtima unabwerera m'malo.

"Onjezani pang'ono."

Anaonjeza. Anafika pakhitchini. Anaonjezanso, nyumba inapita. Anasintha malo ogumukira, anasintha kulimba kwa matope, anachita uku anachita uku ngati munthu woyesa chovala, koma mvula ikangokula matope ankadziwa khomo limodzi lomwelo.

"Nanga tikadzala mitengo?"

"Dzalani, agogo, ithandiza. Koma mizu imatenga zaka kuti igwire, ndipo mng'alu ulipo kale."

"Nanga kanyumba kali pamwala apo?"

"Ndi ka ndani?"

"Kanga."

"Inu mugone tulo. Matope akukulambalalani mbali zonse."

Ankaganiza kuti wandipatsa mphatso. Ine nkhalamba ya mano owerengeka phiri likundilambalala, n'kumapita kwa ana amene ndinawaika ndekha pamenepo. Anationetsanso miyala ikuluikulu ili m'dimba mwathu, ija timayanikapo ufa. Anati miyala imeneyo siinamere pamenepo, inabwera ndi matope akale, agogo a agogo athu asanafike, ndipo nthaka yakuda ija inabwera nayo limodzi. Ndiye kuti chuma chimene amayi anga anandisiyira ndi masanzi a phiri, ndipo phiri silinaiwale posanzira.

Za malo ena osamukira anati zikambidwa. Koma nkhani za malo zimayenda ndi ndodo, pamene mitambo imathamanga. Nthaka yonse ya mbumba yathu ili pansi pa khwawa lomwelo. Pamwala panga sipangakwane nyumba ina, ndipo mkamwini sangagone denga limodzi ndi apongozi ake. Malo ouma, oyala, opanda phiri pamutu analipo amodzi okha: kwawo kwa akamwini.

Mwana wanga anakwera kudzandiona mawa lake. Maso anali otupa.

"Bambo a kunyumba akuti chiyani?" ndinamufunsa.

"Akuti palibe. Akupaka laimu pakhonde."

"Za kwawo satchulako?"

"Akuti anapempha kamodzi, anayankhidwa. Munthu sabwerera ndi tambala kawiri."

"Nanga iwe?"

"Ine mukufuna ndinene chiyani, amayi? Ndikagona ndimamvetsera phiri. Ndikaganiza zochoka ndimaona inu ndi ndowa pamutu."

Ndinapita kwa mlongo wanga. Ndinamupeza akusoka thumba la feteleza pansi pa mango.

"Achimwene, pitani kwa akamwini mukawauze kuti chitengwa chija tavomera."

"Chitengwa chiti? Pali amene wapempha?"

"Anapempha kale."

"Ndipo munaimba nyimbo, ndikuikumbukira. Alongo, mbumba siiperekedwa chifukwa cha kanema. Kanema yemweyo ndinaonamo munthu akuuluka. Mawa anthu adzati mwini mbumba uja anakayenda khomo ndi khomo kutsatsa mwana wa mlongo wake. Tidikire tikolole, tione."

"Mvula ibwera tisanakolole."

"Inabweranso chaka chatha. Phiri lili pomwepo."

Sanali munthu woipa. Ana amenewo ndi akenso, ndipo kuwapereka kunkamupweteka monga kunkandipwetekera ine.

Nyimbo zinandithawa. Lamulungu amayi anzanga anandiyang'ana kuti ndidzutse nyimbo, ine n'kuyang'ana pakhoma paja, poyera mbee, koma ndikuonapobe chofiira chikutsika. Mvula yoyamba inagwa, yozimitsa lupsa, fungo la dothi linakwera, fungo limene chaka chilichonse limandivinitsa. Chaka chimenecho linandinunkhira ngati manda okumba kumene. Tinadzala. Chimanga chinamera. Ndiye kunabwera mvumbi, wosalekeza, wonyowetsa mpaka mchere m'chitini.

Utangopuma ndinatenga ndodo n'kukwera. Ndinakwera chopuma, ndinakwera chokwawa, mpaka pa mng'alu. Chingwe chimene oyeza mapiri aja anachisiya chili lende chinali chitakungika ngati cha uta. Timadzi tochokera pamwamba tinkafika pa mng'alupo n'kulowa, osatulukira kwina kulikonse. Ndinapisa ndodo. Inalowa yonse, dzanja n'kutsatira, pansi osapapeza. Kuchokera pamenepo ndinayang'ana kumunsi, ndinaona adzukulu anga akuthamangitsana pabwalo, ang'onoang'ono ngati nyerere, ndipo ndinawaona monga pakhoma paja, kuchokera kumene matope adzayambire.

Nditatsika sindinalowe m'nyumba. Ndinagwira tambala wanga wofiira, ndinamumanga miyendo ndi luzi, ndinamukhwapatira. Ndinatsika njira imene sindinkaitsika akamwini ali pakhomo.

Anali m'chigafa, akukonza mitengo yopachikapo fodya. Ndinakhala pansi panja, msana nditatsamira udzu wa chigafacho, nkhope ndikuyang'ana kuphiri. Ndinaomba m'manja. Nkhwangwa inasiya kulira mkatimo.

"Odi, apongozi," ndinatero.

Ndinamva akukhala pansi mbali inayo, msana wawo pafupi ndi wanga, pakati pathu udzu wokha.

"Amayi, mwana wanu ali kudimba. Ndimuitane?"

"Ndabwera kwa inu."

"Kwagwanji?"

"Tambala wanu uja ndabwera naye."

"Uja tinadya kalekale, amayi."

"Ndiye dyaninso uyu. Koma mukadyere kwanu."

Tambala anakupiza mapiko. Zaka zonsezo mawu a munthu ameneyu ndinali ndisanawamve pafupi chotero. Anali otsika, okhala ndi kachifuwa ka fodya.

"Mukundithamangitsa?"

"Ndikukupemphani. Tengani mwana wanga ndi ana ake."

"Chitengwa sichipemphedwa ndi mayi."

"Lero chapemphedwa."

"Amalume akudziwa?"

"Adziwa madzulo, akadzamva kuti ndapenga."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano.

"Amayi, munati ndikhale, ndinakhala. Njerwa iliyonse ya nyumba iyo inadutsa m'manja mwanga, yaiwisi ndi yopsa yomwe. Kwathu ndikafika ngati mnyamata, kukapempha kona ya munda kwa achimwene anga. Ndiye matopewo akapanda kubwera? Adzati mkamwini uja anathawa chithunzi cha pakhoma."

"Adzati apongozi ake anamuthamangitsa ndi nkhuku. Manyaziwo ndisenza ine, mutu wanga unazolowera katundu."

"Mukukhulupirira makina aja?"

"Makina sindiwadziwa. Ndachokera pa mng'alu. Ndodo yanga yalowa yonse."

Ndinamva akuthyola kaudzu, n'kuthyolanso.

"Nanga madzi adzakutungirani ndani?"

Mawu anga omwe, osungidwa zaka zonsezo, anabwerera opanda nyimbo. Sanawanene monyoza. Ankafunsadi.

"Kasupe ali pomwepo, miyendo ilipo," ndinatero.

"Tiyeni tonse."

"Ine kukakhala pamudzi wa akamwini? Mwambo umodzi wakwana kuthyola pa tsiku. Amayi anga agona kuno, wina azisesa."

Dzanja linatulukira pansi pa udzu, lokhakhala, la zipsera za uvuni. Ndinakankhira tambala. Dzanja linamulandira.

Mlongo wanga anakwera madzulo omwewo akupuma ngati ng'ombe ya pangolo.

"Mwandidumpha, alongo. Mwandisandutsa chitsa."

"Ndakudumphani, achimwene. Tsopano thamangani mukhale patsogolo, anthu aziti munayambitsa ndinu."

Anakalipa, anakhala pansi, anapempha madzi akumwa. Mawa lake anavala jekete n'kupita kukakumana ndi nkhoswe ya kuchimuna, nkhani n'kuikonza mwa dongosolo lake ngati kuti palibe nkhalamba imene inakhala kuseri kwa chigafa.

Mwana wanga ndiye sanandilankhule mpaka tsiku lonyamuka. Dzuwa litapeza mpata anazula malata, anachotsa zitseko ndi mafelemu, anakweza pangolo kupita kumsewu. Chimanga ndi fodya anazisiya m'munda kuti akamwini azibwera kudzaziona. Pomaliza mwana wanga anakwera kwa ine, wamng'ono wake kumsana.

"Mwandipereka osandifunsa, amayi."

"Ndikanakufunsa ukanakana."

"Ndikanakana."

"N'chifukwa chake."

Anandisiyira ndowa yake yopepuka, ya pulasitiki, n'kutenga yanga yachitsulo. Ndinafuna kuwaimbira ya paulendo. Ndinatsegula pakamwa, panatuluka mpweya wokha. Akamwini podutsa pansi pa mwala wanga anapatukira m'udzu monga kale, anavula chipewa, n'kutsanzika mtengo wa mkuyu.

Chaka chomwecho, chimanga chili ndi ngaiyaye, khwawa linalira masana dzuwa litabisala. Kunatsika matope, ochepa, ndi miyala ngati maungu ndi zitsa. Anafika pa nthochi n'kuima. Anaima pomwe paja anaima pakhoma la tchalitchi pamene ndinati mvula muichepetse. Mudzi wonse unapita kukaona. Ena anati, mwaona, sanafike, agogo aja anataya mwana pachabe. Ena anayamba kufunsa za malo kwa abale awo. Ine ndinaima pamenepo matope akundigwira m'mapazi, ndikukumbukira kuti nditati onjezani pang'ono chinachitika n'chiyani.

Mayi wa jombo anabweranso kudzayeza pamene matope anafika. Anati akauza kompyuta yake kuti iphunzirepo. Ndinamufunsa ngati tsopano yalidziwa tsiku. Anapukusa mutu. Tinadzala mitengo pamwamba pa minda, ikadali m'mawondo.

Ku Mtengowanthenga ndinapitako masuku atapsa. Anamanga kanyumba kochepa, malata ake omwe aja, okhala ndi mabowo a misomali yakale. Anandiyalira mphasa yatsopano, anandiphera nkhuku, anandipatsa madzi osamba m'manja ndi maondo pansi. Ulemu wonse wa mlendo. Adzukulu akuluakulu anandithamangira, koma wamng'ono uja anabisala kuseri kwa chitenje cha mayi ake. Ndinamva wina akuuza mnzake kuti agogo a kuphiri abwera kwathu. Kwathu. Ndinaseka, ndinawagawira masuku a m'thengo lotsala. Ali moyo, onenepa, akupita kusukulu panjira yopanda chitunda. Ndinawawerenga ndi maso mobwerezabwereza, onse analipo.

Makoma a nyumba ija akadaima pakamwa pa khwawa, opanda denga, laimu wa pakhonde akusuluka. Mbuzi zimabisalamo dzuwa. Mitambo ikada ndimatsika ndi ndodo kukatulutsa ana a eni ake amene amasewera m'menemo, ndipo amandithawa akuseka, amati agogo a kompyuta abwera.

Mvumbi ukayamba ndimakhala pakhonde kuyang'ana khwawa. Kupemphera ndimafuna, koma sindidziwa chopempha. Ndikati phiri likhale, ndiye kuti ndinachotsa ana anga pamaso panga popanda chifukwa. Ndikati litsike, ndi pemphero lanji limenelo, pamene kumunsiko kukadali minda ya anthu ndi njira ya kuchigayo. Ndiye ndimangoimba, pakuti nyimbo zinabwerera, ngakhale zinabwerera zowonda. Ndimaimbira phiri lomwelo. Ndimati phiri iwe, ndakuona, phiri iwe, njira yako ndaidziwa, ukadzafika pakhomo paja udzagogode, m'nyumbamo mulibe munthu. Ndikafika polandira ndimadikira pang'ono, mwachizolowezi, kenako ndimalandira ndekha, n'kunyamula ndowa yopepuka ija kupita kukasupe.